Sikirini yakuda, masipika ali zii: vuto la kompyuta ya patebulo limakhala pati?

Ku Salima, pa Kamuzu Road, ku Senga Bay ngakhale ku Chipoka, makompyuta ambiri amene ali m'mashopu otayipa makalata, kwa anyamata obena nyimbo, m'masukulu ndi m'matchalitchi ndi aja amabwera atagwirapo kale ntchito kunja, a Dell OptiPlex, HP Compaq ndi Lenovo ThinkCentre. Ngolimba ndithu, koma madandaulo ake sasintha. Wina akuti yayaka koma sikuonetsa kanthu, wina akuti zithunzi zasanduka zachikasu, wina akuti dzulo imaimba bwinobwino lero yangoti zii. Yankho limene limafulumira kutuluka pakamwa ndi lakuti "ifomatidwe". Kufomatako n'kufufuta zonse n'kuikanso Windows, ndiye mafayilo a anthu amapitira pomwepo, vuto n'kutsala lili chilili.

Chosokoneza n'chakuti chizindikiro chimodzi chimakhala ndi magwero angapo. Sikirini yakuda ikhoza kubwera chifukwa cha monita, chingwe, RAM (kabolodi kosunga kwakanthawi zimene kompyuta ikugwira), magetsi kapena Windows. Chithunzi ndi mawu zimadutsa malo ambiri zisanafike m'maso ndi m'makutu mwanu, monga madzi a pampopi. Mpopi ukauma simuthamangira kukagumula thanki, mumayamba mwafunsa ngati kwa aneba akutuluka. Pa kompyutanso ntchito yagona pa kupeza pamene ulendo wadukira, ndipo posaka muzisintha chinthu chimodzi, n'kuyesa, kenako china. Mukasintha zitatu pakamodzi, ngakhale iyake simudziwa chimene chinali cholakwika.

POST: mayeso oyamba Windows isanadzuke

Mukadina batani loyatsira, Windows siyamba nthawi yomweyo. Kapulogalamu kokhala pa motherboard (bolodi yaikulu ya m'kati mwa bokosi la kompyuta), kotchedwa BIOS, kapena UEFI pa makina atsopano, kamayamba kafufuza ngati purosesa (ubongo wa kompyuta), RAM ndi gawo la zithunzi zilipo ndipo zikuyankha. Mayeso amenewa dzina lake ndi POST, ndipo analipo kale pa IBM PC ya mu 1981. Ali ngati zimene asodzi a usipa amachita madzulo asanalowe panyanja: injini, mafuta, nyali, ukonde. Chimodzi chikasowa boti silinyamuka.

Apa ndi pamene nkhani imagawikana pawiri. Ngati chizindikiro cha Dell kapena HP chikuoneka kaye kenako n'kuda, ndiye kuti monita ndi chingwe zili moyo, ndipo kolozera chala ndi ku Windows ndi madalaiva ake (timapulogalamu toyendetsa zipangizo). Ngati palibe chooneka chilichonse kuyambira pachiyambi, vuto silili pa Windows, choncho kufomata sikungathandize kanthu. Yesaninso izi: dinani Num Lock kapena Caps Lock pa kiyibodi. Kanyali kake kakamayaka ndi kuzima, kompyuta ikugwira ntchito koma chithunzi chikusochera panjira. Kakapanda kuyankha, yakanirira pa POST.

Popeza siingalembe uthenga pa sikirini, kompyuta yotere imalira kapena kuphethiritsa nyali. Pa makina ambiri kulira kamodzi kofupika kumatanthauza kuti zonse zili bwino. Kulira kobwerezabwereza ndi uthenga, koma tanthauzo lake limasiyana malinga ndi kampani, ndiye werengani kuti yalira kangati, motalika kapena mofupika, n'kufananiza ndi buku la mtundu umenewo. Pa ma Dell ambiri batani loyatsira limasanduka mtundu wa lalanje likapeza vuto.

Wolakwa kawirikawiri ndi RAM, osati chifukwa yapsa koma chifukwa yasekesa kapena mano ake ada. Kuno zifukwa sizisowa: fumbi la m'chilimwe, chinyezi cha kunyanja, ndiponso kugwedezeka bokosi likakwera kabaza kupita ku ukwati n'kubwerako. Zimitsani, zulani pulagi kukhoma, dinani batani loyatsira kwa masekondi 15 kuti mphamvu yotsalira ithe, ndipo gwirani chitsulo cha bokosi musanakhudze za m'kati. Kankhirani kunja timaloko ta m'mbali mwa RAM, itulutseni mwaigwira m'mphepete, pukutani mano agolide aja ndi labala yofufutira pensulo, chotsani zinyenyeswa, n'kuibwezera mpaka timaloko titseke tokha. Ili ndi kampata kamodzi pansi, choncho imalowa mbali imodzi yokha. Ngati zilipo ziwiri, yesani imodziimodzi, m'malo onse. Kabatire kathyathyathya ka CR2032, ka mavoti 3, nakonso kakatha kamasokoneza: tsiku ndi nthawi zimabwerera m'mbuyo, ndipo makina ena amakanirira poyaka. Kukachotsa kwa mphindi zisanu pulagi itazulidwa kumabwezera BIOS mmene inachokera ku fakitale.

Zingwe ndi mabowo ake

Chingwe cha mutu wabuluu, VGA, chinabwera ndi IBM mu 1987 ndipo mpaka lero ndi chimene chadzaza m'maofesi. Chili ndi mano 15 m'mizere itatu. Cha mutu woyera, DVI, ndi cha mu 1999. HDMI, ya mano 19, inakhazikitsidwa kumapeto kwa 2002, ndipo DisplayPort, ya mano 20, inatsatira mu 2006. Kusiyana kwenikweni sikuli pa maonekedwe. VGA ndi ya analogi, pamene HDMI ndi DisplayPort ndi za digito. Analogi ili ngati kufuulira munthu ali patsidya la dambo: akatalikira mawu amafika ofooka, osakanikirana ndi mphepo, komabe amamvako pang'ono. Digito ili ngati kalata: ikafika imawerengeka yonse, ikatayika palibe chomveka.

N'chifukwa chake matenda ake amasiyana. VGA imatumiza kufiira, kubiriwira ndi kubuluu pa mawaya atatu osiyana, mano 1, 2 ndi 3. Dzino la buluu likapindika kapena waya wake ukaduka, sikirini yonse imaoneka yachikasu. Lobiriwira likaduka imakhala yapinki kapena yapepo. Lofiira likaduka imasanduka buluu wosakanikirana ndi kubiriwira. Ambiri amaganiza kuti monita yatha, pamene ndi kadzino kamodzi kofuna kuwongola mosamala ndi kapanira kakang'ono, kapena chingwe chofuna kusintha. Gwedezani chingwe pafupi ndi mutu: mtundu ukamasinthasintha, wolakwa mwamugwira. Zilembo zokhala ndi mthunzi pambali zimabwera ndi chingwe chachitali koma chopyapyala, monga zija amalumikizira pulojekita m'tchalitchi. Chithunzi chikatsetserekera mbali imodzi, batani la Auto pa monita limachikonza. Mangani tizomangira tiwiri tija, sizokongoletsera.

HDMI ikamavuta simuona mitundu yosuluka. Mumaona timadontho tong'anima, kapena sikirini imada kwa sekondi imodzi n'kubwerera, kapena imangolemba No Signal. Uthenga umenewu ndi nkhani yabwino pang'ono, chifukwa ukusonyeza kuti monita ili moyo, ikungosowa chouonetsa. Yambani ndi batani la Input kapena Source, poti monita ndi TV za mabowo angapo zimatha kumadikira pa HDMI chingwe chili pa VGA.

Pali misampha iwiri imene imakola ngakhale ozolowera. Woyamba: bokosi likakhala ndi khadi yapadera ya zithunzi, ya NVIDIA kapena AMD, kumbuyo kumakhala magulu awiri a mabowo. A pamwamba, oyandikana ndi a USB, ndi a motherboard, ndipo pa makina ambiri amazima khadi ikaikidwa. Chingwe chipite pa mabowo a khadi, a m'munsi aja. Ngati mukukayikira khadiyo, ichotseni n'kulumikiza pa motherboard, bola purosesa yanu ikhale ndi gawo la zithunzi. Mapurosesa a Intel amene nambala yake imathera ndi F alibe. Msampha wachiwiri ndi timakonveta. Kosintha HDMI kukhala VGA kamayenda njira imodzi yokha. Kompyuta ya VGA yofuna kuonetsa pa TV ya HDMI imafuna kena, ka VGA kupita ku HDMI, kamene kamafunanso mphamvu ya USB ndi kachingwe ka mawu. Ndipo DisplayPort imafanana ndi HDMI pongoiona, koma ili ndi ngodya imodzi yokha yodulidwa, komanso mitu yambiri ili ndi loko yofuna kudina musanazule. Kukoka mwamphamvu kumazula bowo lenilenilo.

Monita payokha

Monita ya LCD siiwala yokha. Kumbuyo kwa galasi kuli nyali, machubu opyapyala a CCFL pa zakale, ma LED pa zatsopano. Nyaliyo ikafa chithunzi chimakhalapo koma mumdima. Walitsani tochi ya foni chapafupi, mopendeketsa: mukaona zilembo mozimiririka, kompyuta ilibe mlandu. Monita imene imaonetsa kwa masekondi awiri n'kuda, kapena imafuna kuyatsa kangapo m'mawa isanagwire, nthawi zambiri ili ndi makapasita otupa pa bolodi yake ya magetsi. Ndi tizipangizo totsika mtengo, ndipo amisiri okonza ma TV amatisintha, koma m'menemo mumatsalira mphamvu yoopsa ngakhale pulagi itazulidwa. Si potsegula munthu wongoyesa.

Mizere yoima kapena yopingasa imafuna kusiyanitsa. Zulani chingwe cha chithunzi n'kutsegula menyu ya monita. Mzere ukadutsabe pa menyuyo, galasi ndi limene lawonongeka, ndipo kulisintha sikusiyana kwenikweni ndi kugula monita ina. Njira ina ndi kujambula sikirini ndi batani la Print Screen n'kutumiza chithunzicho pa foni. Chilema chikaonekanso pa foni, chikuchokera m'bokosi. Chikapanda kuoneka, yang'anani chingwe ndi monita poyamba.

Kukula kwa chithunzi ndi dalaiva

Sikirini ndi timadontho towerengeka, ngati maso a ukonde, ndipo chiwerengero chake sichisintha. Mamonita osatambalala a mainchesi 17 nthawi zambiri amakhala 1280 x 1024, otambalala a mainchesi 19 ambiri 1440 x 900 kapena 1366 x 768, okulirapo 1920 x 1080. Kompyuta ikatumiza chiwerengero china, monita imachikoka kuti chikwane, ndiye zilembo zimachita mbuu ndipo nkhope zimanenepa. Ikatumiza choposa mphamvu yake imalemba Out of Range. Monita imadzitchula yokha kwa kompyuta kudzera m'chingwe, njira yotchedwa EDID imene bungwe la VESA linakhazikitsa mu 1994. Chingwe cha VGA chosowa mano kapena konveta yachabechabe imadula kukambirana kumeneku, kompyuta n'kumangolota.

Dalaiva ndiye womasulira pakati pa Windows ndi chipangizo. Akasowa, Windows imabwereka womasulira wa mawu ochepa. Mu Device Manager, malo a mu Windows oonetsa zipangizo zonse, pansi pa Display adapters, mukaona Microsoft Basic Display Adapter, dziwani kuti dalaiva weniweni palibe. Izi zimachitika kwambiri kompyuta ikangofomatidwa, ndipo ndi chifukwa chake mavidiyo amayenda modukiza ndiponso HDMI situlutsa mawu. Dalaiva woyenera mumamupeza pa tsamba la Dell, HP kapena Lenovo polemba mtundu wa makina kapena nambala ya pa kapepala ka pabokosi. Mapulogalamu olonjeza kuika madalaiva onse pakamodzi nthawi zina amagwira, koma amathanso kuika wolakwika pamodzi ndi zinyalala zina.

Ngati sikirini imada Windows ikangotseguka, yambani ndi zosavuta. Mabatani a Windows, Ctrl, Shift ndi B mukawadina pamodzi amadzutsanso dalaiva wa zithunzi. Mabatani a Windows ndi P amasankha kumene chithunzi chikupita, ndipo kompyuta imene inalumikizidwapo ku pulojekita ikhoza kutsalira pa Second screen only. Zikakanika, izimitseni ndi batani ikangoyamba kutsegula Windows, kawiri kapena katatu motsatizana, ndipo idzalowa yokha pa Automatic Repair. Kuchoka apo tsatani Advanced options, Troubleshoot, Advanced options kachiwiri, Startup Settings, n'kusankha Safe Mode, njira yoyatsira Windows ndi madalaiva ochepa okha. Chithunzi chikabwera mu Safe Mode, nthawi zambiri zipangizo zili bwino. Pitani mu Device Manager musankhe Roll Back Driver ngati vuto linayamba Windows itadzikonza yokha, apo ayi chotsani dalaivayo muike wina.

Mawu: kodi akupita kuti?

IBM PC yoyamba inali ndi kasipika kongolira basi. Wofuna nyimbo ankagula khadi yapadera, ndipo yotchuka inali Sound Blaster ya kampani ya Creative ya ku Singapore, ya mu 1989. Intel inabweretsa AC'97 mu 1997 ndi HD Audio mu 2004, gawo la mawu n'kusamukira pa motherboard, nthawi zambiri pa kachipangizo ka Realtek ya ku Taiwan. Mitundu ya mabowo inachokera mu ndondomeko ya PC 99 ya Microsoft ndi Intel: lobiriwira ndi lotulutsa mawu, lapinki ndi la maikolofoni, labuluu ndi lolowetsa mawu ochokera ku chipangizo china. Polumikiza mwapapasa kumbuyo kwa tebulo, n'kosavuta kuphonya.

Mayeso ofulumira ndi awiri. Lumikizani masipika ku foni: akaimba, alibe vuto. Lowetsani mahedifoni abwino m'bowo lobiriwira lakumbuyo: akamveka, kompyuta ilibe vuto. Masipika ambiri a patebulo amafuna magetsi awoawo, a USB kapena a adaputala, ndipo ali ndi voliyumu yawo.

Koma chimene chimazunguza anthu koposa si kuwonongeka ayi. Kompyuta imodzi imakhala ndi makomo angapo otulutsira mawu: bowo lobiriwira, HDMI, DisplayPort, USB, Bluetooth. Windows imasankha khomo limodzi. Zili ngati ngalande za m'minda ya mpunga ku Lifuwu: madzi alipo, akuyenda, koma atsegulidwira m'munda wina. Mukalumikiza monita ya HDMI, Windows imatha kupatutsira mawu kumeneko, chonsecho monitayo ilibe masipika. Dinani Windows ndi R, lembani mmsys.cpl, ndipo pa Playback muona makomo onse. Imbani nyimbo muone pamene kamzere kobiriwira kakudumpha, ndi kumene mawu akupita. Sankhani Speakers n'kudina Set Default. Ngati sakuoneka, dinani kumanja pamalo opanda kanthu musankhe Show Disabled Devices. Kumbali ina, wofuna mawu pa TV akumbukire kuti VGA sinyamula mawu, chimodzimodzi DVI wamba. Pafunika chingwe china.

Kachizindikiro ka sipika kakakhala ndi X wofiira, onani mu Device Manager pansi pa Sound, video and game controllers ngati pali chenjezo lachikasu, kenako mu services.msc (dinaninso Windows ndi R n'kulemba dzinali) ngati Windows Audio ndi Windows Audio Endpoint Builder zikuyenda. Mu BIOS namonso gawo la mawu limatha kuzimitsidwa. Pulogalamu imodzi yokha ikakhala chete, Volume mixer ndiye poyang'ana. Bowo lakutsogolo lokha likafa, nthawi zambiri ndi kachingwe kolembedwa HD AUDIO kamene kazuka pa motherboard, kapena bowolo latha ndi kuzulazula. Gawo lonse likapsa, kakhadi ka mawu ka USB kamalowa m'malo popanda kutsegula bokosi.

Mahedifoni a foni ali ndi timizere titatu pamutu chifukwa amanyamulanso maikolofoni, pamene a kompyuta ali ndi tiwiri. Mukawalowetsa m'bowo lobiriwira, maikolofoni sagwira, ndipo nthawi zina woimba amamveka ngati ali m'chitsime. Pamafunika kachingwe kogawa pawiri, kobiriwira ndi kapinki. Maikolofoni ikamakana pa Zoom yokha, onani chilolezo chake mu Settings, pa Privacy.

Nanga phokoso? Kung'ung'uza kosalekeza kompyuta ikalumikizidwa ku ampu ndi mawu a magetsi enieniwo, a 50 Hz, olowa chifukwa zipangizo ziwirizo zili pa masoketi osiyana kapena waya wa efi, wa chitetezo uja wopita pansi, palibe. Ziikeni pa ekisitenshoni imodzi ya mano atatu, ndipo chingwe cha mawu chisagone pamodzi ndi cha magetsi. Kuthyola dzino la efi kuti phokoso lithe n'kuika moyo pachiswe. Kaphokoso kodukizadukiza kobwera foni isanalire ndi foniyo, ingoisunthirani kutali. Mawu osweka pa zochitika nthawi zambiri amabwera chifukwa kompyuta yalowetsedwa pa bowo la Mic la mikisa m'malo mwa Line kapena Aux.

Magetsi ndi kutentha

Magetsi a ESCOM ndi a mavoti 230. Mabokosi ena akale ali ndi kaswichi kofiira kumbuyo kolembedwa 115 ndi 230, ndipo ochokera ku America amatha kufika kali pa 115. Kuyatsa osakaona ndi utsi nthawi yomweyo. Power supply, kabokosi kogawa magetsi m'kati mwa kompyuta, ikafooka nayo imanamiza: mafani amazungulira, nyali zimayaka, koma chithunzi osabwera. Imayesedwa poikapo ina yodziwika kuti ndi yabwino. Yokhayo musaitsegule.

Vuto lobwera kompyuta ikagwira ntchito kwa kanthawi, monga timabokosi tamitundumitundu pa sikirini, kuima, mawu kuchita chibwibwi kapena kuzima yokha, limaloza ku kutentha. Mu Okutobala ndi Novembala, m'kashopu ka malata ku Salima, bokosi lodzaza fumbi silipuma. Litulutseni panja muliuzire ndi bulowa mutagwira fani kuti isazungulire, ndipo yang'anani zisa za mavu ndi mphemvu m'makona. Phala la pakati pa purosesa ndi chitsulo choziziritsa likauma, pukutani lakale muike latsopano kadontho kangati nsawawa yaing'ono. Bokosi likhale pamwamba, osati pansi, ndipo kumbuyo kwake kusagunde khoma. M'dzinja kukayamba ziphaliwali, zulani pulagi, kuzimitsa pa swichi sikokwanira.

Zimene anthu sanagwirizanebe

Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 mwa nthawi zonse pa 14 Okutobala 2025, monga inachitira ndi Windows 7 mu Januwale 2020. Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, kapena ya AMD yofanana nayo, ndipo ma OptiPlex ambiri a kuno safika pamenepo. Ena akuti apitirize ndi Windows 10 bola ikuyenda. Ena amakakamiza Windows 11, koma madalaiva a zithunzi ndi mawu a makina akalewo sanalembedwere iyo. Ena akuloza ku Linux, pulogalamu ina yoyendetsera kompyuta m'malo mwa Windows, imene imazindikira zipangizo zakale zambiri, koma mapulogalamu amene ogwira ntchito anazolowera ndi mapulinta ena sayendamo mofanana. Ndani adzathandize sukulu kapena shopu yosankha njira iliyonse mwa izi?

Pa chitetezo cha magetsi palinso kusiyana maganizo. UPS, bokosi la batire losunga mphamvu, imakupatsani mphindi zozimitsira bwino magetsi akathima, koma batire yake imatha msanga m'malo otentha. Sitebulaiza imawongola mavoti koma sisunga mphamvu. Ogwiritsa sola ndi jenereta ali ndi funso lawo: inveta yotsika mtengo imatulutsa magetsi osasalala, amene amalowetsa phokoso m'masipika ndipo ma power supply ena amawakana. Kwa munthu wa ndalama zochepa, choyamba kugula ndi chiti?

Kukonza kapena kugula china ndi mkangano wina. Makapasita a monita amasinthika, galasi losweka ayi, ndipo TV ikhoza kulowa m'malo ngakhale zilembo zazing'ono sizioneka bwino pa ma TV ena. Ndipo zimene zafa zipite kuti? Machubu a CCFL ali ndi mekyule, mabatire a UPS ali ndi mtovu, ndipo tili m'mphepete mwa nyanja imene anthu amamwa ndi kuwedzamo.